Mmene mungawerengere kukwera ndi kutsika kwa nyanja kwakale m'miyala ya ku Algoa

Mukapeza zigoba za nkhono za m'nyanja zomatirira m'mwala pamwamba pa chitunda, kutali ndi gombe, zimene mwatsimikiza n'zakuti malowo anamizidwapo ndi madzi amchere. Simunadziwebe ngati nyanja ndiyo inakwera, kapena nthaka ndiyo inatukuka pambuyo pake. Ntchito yonse yoyeza miyala ya m'mphepete mwa nyanja yagona pa kulekanitsa ziwirizi. Njira zimene zili m'munsimu tazifotokoza potsatira beseni la Algoa (chigwa chakale chimene chinadzaza ndi zigawo za miyala), lomwe lili mozungulira mzinda wa Gqeberha m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, chifukwa kumeneko miyala ya zaka 130 miliyoni ndi ya zaka 125,000 imapezeka pa mtunda woti mutha kuuzungulira tsiku limodzi pa galimoto.

Dziwani kaye zimene zili pansi

Beseni la Algoa linayamba pamene Gondwana, chigawo chachikulu chakale cha dziko lapansi chimene Africa anali mbali yake, ankang'ambika, kumapeto kwa nyengo ya Jurassic ndi kumayambiriro kwa Cretaceous. Nthaka inatitimira motsamira mbali imodzi m'mphepete mwa ming'alu ikuluikulu, monga mng'alu wa Coega, ndipo chigwa chimene chinapangikacho chinayamba kudzaza. Zimene zinadzazamo ndi miyala ya gulu la Uitenhage, ndipo ili m'zigawo zitatu. Pansi penipeni pali Enon, nsangalabwi zofiirira zomatana, zimene mitsinje yothamanga inagumula kumapiri a m'mbali. Kenako pali Kirkwood, mchenga ndi matope a mitsinje yoyenda mokhotakhota pachidikha, momwe munapezeka mafupa a dinosaur wotchedwa Nqwebasaurus. Pamwamba pake pali Sundays River, matope otuwa ndi mchenga wa m'nyanja, wokhala ndi zigoba za zamoyo zakale za m'nyanja zotchedwa ammonite ndi Trigonia. Kuchoka pansi kupita pamwamba, ndiye kuti mukuchoka kumapiri, kudutsa kuchidikha, mpaka kulowa m'madzi. Komabe zigawozi sizinasanjikizane mwaudongo. M'malo ena zimalowerana cham'mbali, chifukwa pa nthawi imodzimodzi mtsinje unkathira mchenga kuno pamene nyanja inkayala matope uko.

Pamwamba pa zonsezi pagona miyala yopyapyala komanso yaing'ono kwambiri pa zaka, ya gulu la Algoa. Alexandria ndi ya m'nyanja ya nyengo ya Miocene ndi Pliocene. Nanaga ndi milu yakale ya mchenga wouluzika ndi mphepo. Salnova ndi magombe ndi mathiriro a mitsinje a nyengo ya Pleistocene, ndipo imapezeka m'munsi, osafika mamita 20 pamwamba pa nyanja ya lero. Nahoon ndi milu ya mchenga imene inalimba n'kusanduka mwala, ndipo Schelm Hoek ndi milu imene ikuyendabe mpaka pano.

Musanapite, pezani mapu a miyala a Council for Geoscience, pepala la 3324 Port Elizabeth (dzina lakale la Gqeberha) la sikelo ya 1:250,000. Pezaninso ndandanda ya nthawi zodzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Dziwani kuti lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kuchotsa mafupa ndi zigoba zakale m'mwala popanda chilolezo, ndipo mbali ina ya gombeli ili m'manja mwa Addo Elephant National Park. Kujambula ndi kuyeza sikufuna kugumula kanthu. Ku minda ya anthu ndi ku migodi ya miyala, pemphani kwa eni ake.

Zida

Mufunika ndodo yowongoka ya mamita 1.5 yolembedwa mizere pa masentimita 10 aliwonse, tepi ya mamita 30, kampasi yokhala ndi choyezera kupendekeka, galasi lokuzira zinthu ka 10, hamala, kabotolo ka asidi wa hydrochloric wosungunulidwa kufika pa 10 peresenti, kakhadi koyerekezera kukula kwa mchenga, kope la timabokosi, pensulo ndi chipewa cholimba. Kampasi muikonze musanayambe. Kudera limeneli singano imapatuka madigiri oposa 25 kumadzulo kwa mpoto weniweni, ndipo mukaiwala zimenezi mbali zonse zimene mulembe za kumene madzi ankalowera zidzakhala zolakwa ndi madigiri omwewo.

Kuyeza khoma la mwala

Sankhani malo amene zigawo zikuoneka popanda kudukiza, monga phompho la m'mbali mwa mtsinje, pamene msewu unadula chitunda, kapena mgodi wakale. Yambani n'kuima patali, mamita 50 kapena kuposa, n'kujambula khoma lonse m'kope. Mizere imene imadula zigawo zina, yomwe ndi yofunika kuposa china chilichonse, imaoneka bwino muli patali ndipo imasowa mukayandikira.

Yambirani pansi kukwera m'mwamba, chifukwa ndi mmene zinayalidwira. Pa khoma la mamita osapitirira 20 gwiritsani sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti masentimita 2 a m'kope akuimira mita imodzi. Kumanzere lembani kutalika, ndipo cham'mbali muonetse kukula kwa timiyala: dongo ndi lochepera mamilimita 0.004, matope osalala amafika 0.063, mchenga umachokera pamenepo mpaka mamilimita 2, ndipo choposa apo ndi nsangalabwi. Dongo ndi matope osalala simungazisiyanitse ndi maso. Nyowetsani kachidutswa n'kukafikisa pakati pa zala, kapena pa mano akutsogolo monga amachitira ambiri. Dongo limaterera, matope osalala amakhukhuta pang'ono.

Ngati zigawo zapendekeka, musayeze makulidwe potsata nthaka. Miyala ya Uitenhage kawirikawiri imapendekeka madigiri ochepa, koma ngakhale ochepawo amasokoneza. Mukayenda mamita 40 pamalo athyathyathya modutsa zigawo zopendekeka madigiri 10, makulidwe enieni ndi 40 kuchulukitsa ndi sine wa madigiri 10, omwe ndi mamita 6.9 basi. Ndi ndodo, muziipendeketsa kuti iime molunjika pa chigawocho, n'kuyang'ana kuchokera kumutu kwake motsata kupendekekako kuti mupeze pomwe muiikenso.

Pa chigawo chilichonse lembani mtundu wake pamalo ongoswa kumene, kukula kwa mchenga pansi ndi pamwamba pake, mizere ya m'kati, zigoba ndi mauna, ndiponso mmene chakhudzirana ndi cha pansi pake. Donthezani asidi. Ukachita thovu, muli laimu, kaya wa zigoba kaya womata mchengawo.

Kuzindikira kuya kwa madzi

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mtundu wa mwala pawokha sunena zambiri. Mchenga umapezeka mumtsinje, pagombe, pamulu wa mphepo komanso pansi pa nyanja. Chimene chimasiyanitsa ndi mizere ya m'kati mwake.

Matope otuwa a mizere yopyapyala, okhala ndi ammonite, anayalidwa pamalo akuya pomwe mafunde safika pansi. Mukakwera pang'ono n'kuyamba kuona timagawo ta mchenga wosalala tokhala ndi mizere yotumphuka ngati timitumbira tating'ono topanda mbali imodzi yolowera, tosinthana ndi matope, dziwani kuti mafunde a mkuntho okha ndiwo ankafika pamenepo. Matope akatheratu n'kutsala mchenga wokhawokha, mwalowa m'dera limene mafunde a tsiku ndi tsiku amakokola pansi, lomwe m'magombe ambiri limayambira pa kuya kwa mamita 5 mpaka 15. Pamwamba pake pamabwera mchenga wokulirapo wa mizere yopingasa yooneka ngati timabeseni, nthawi zambiri wokhala ndi mauna a Ophiomorpha, omwe makoma ake ndi a timibulu ndipo amakumbidwa ndi tinkhanu ta m'madzi osaya. Kenako pamabwera mchenga wa pagombe penipeni, woyalidwa m'mizere yowongoka, yopendekekera kunyanja madigiri 2 mpaka 10, nthawi zina wokhala ndi timizere takuda ta mchenga wolemera. Pamwamba pa zonse pali mulu wa mphepo. Mchenga wake ndi wosalala, wofanana kukula, mizere yake ndi ikuluikulu yopendekeka mpaka madigiri 30 kapena kuposa pang'ono, ndipo mumapezeka njira za mizu ndi zigoba za nkhono za kumtunda.

Mndandanda umenewu ukapezeka wathunthu kuchoka pansi kupita pamwamba, gombe linkasunthira kunyanja. Mfundo imene imalola kuwerenga chonchi inafotokozedwa ndi Johannes Walther mu 1894: malo amene anali oyandikana cham'mbali ndi okhawo amene angasanjikizane popanda mpata. Phindu lake lenileni limaoneka pomwe mfundoyi yaphwanyidwa. Mukapeza nsangalabwi za mumtsinje zitakhala mwachindunji pamwamba pa matope a m'nyanja yakuya, popanda mchenga wa pagombe pakati, pali nthawi imene yasowa, ndipo mwina madzi anatsika mtsinje n'kukumba chigwa. Mukapeza matope akuya pamwamba pa dothi la mizu, madzi anasefukira kumtunda mofulumira.

Mzere woterewu muufufuze ndi manja. Onani ngati uli wokumbika, ngati pansi pake pali dothi lakale lofiira kapena laimu wolimba wa m'nthaka, ngati mwala wa pansi unabooledwa ndi nkhono zoboola, ndiponso ngati pamwamba pake pali kagawo ka nsangalabwi ndi zigoba zoswekasweka. Kagawo kameneka kamatsala pamene mafunde akumeta nthaka nyanja ikulowa kumtunda. Ku Algoa chitsanzo chabwino ndi tsinde la Alexandria, pomwe nsangalabwi ndi zigoba za oyster (nkhono za m'nyanja zomatirira pa mwala) zagona pamwamba pa matope a Cretaceous. Mzerewo ndi woonda moti mutha kuuphimba ndi chala, koma zaka zoposa 100 miliyoni zasowa pamenepo. Utsateni cham'mbali mamita mazana angapo. Ngalande ya mtsinje umodzi imakumbanso pansi pake, koma imathera pafupi. Mzere wa kusintha kwa nyanja umapitirira kuchoka pa khoma lina kufika pa lina.

Cholakwa chofala n'kuganiza kuti madzi akamachepa kuya ndiye kuti nyanja ikutsika. Mtsinje wobweretsa mchenga wambiri umakankhira gombe kutsogolo ngakhale nyanja itaima malo amodzi, ngakhalenso ikukwera pang'onopang'ono. Umboni wa kutsika kwenikweni ndi zigwa zokumbika, dothi lakale pamwamba pa miyala ya m'nyanja, kapena magombe otsatizana amene lililonse lili m'munsi mwa linzake polowera kunyanja.

Kuyeza kutalika kwa gombe lakale

Pa miyala ya Salnova ndi ina ya Pleistocene, funso limakhala la mamita: nyanja inafika pati? Pamafunika zinthu zitatu, kutalika kwa chizindikiro, ubale wa chizindikirocho ndi madzi, ndi zaka zake.

GPS ya pafoni kapena ya m'manja imaphonya kutalika ndi mamita 5 mpaka 15, pamene kusiyana kumene mukufuna kuli pakati pa mamita 2 ndi 10. Siithandiza. Gwiritsani GPS ya akatswiri oyeza malo yolumikizidwa ku masiteshoni a boma a GPS otchedwa TrigNet, kapena levulo kuchokera pa chizindikiro cha boma cha kutalika. Lembani poyambira muyeso wanu. Ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja imawerengera kuchokera pa mlingo wa mapu a sitima, womwe pa madoko a South Africa uli m'munsi mwa mlingo wa mapu a kumtunda ndi kuposa theka la mita. GPS nayo imapereka kutalika kochokera pa mlingo wake wa masamu, komwe kumasiyana ndi kwa nyanja ndi mamita makumi angapo ngati simunakonze. Manambala ambiri osagwirizana m'malipoti amachokera pamenepa.

Sankhani chizindikiro chimene chili ndi malo odziwika pa gombe la lero. Zigoba zomwazika n'zosadalirika, popeza mkuntho umaziponya mamita angapo pamwamba pa madzi, ndipo anthu akale ankasonkhanitsa nkhono n'kusiya milu ya zigoba pa zitunda. Mulu wa anthu mumauzindikira poona kuti muli mitundu yodyedwa yokhayokha, makala, mafupa ndi miyala yosema. Zodalirika ndi oyster zomatirirabe pa mwala pomwe zinamera, nkhono za zigoba ziwiri zotsekeka zili chiimire m'mauna awo, ngodya ya m'kati ya thanthwe lometedwa ndi mafunde, ndi malire a pakati pa mchenga wa mizere yopingasa ndi mchenga wa pagombe.

Tsikirani ku gombe la lero la pafupi, lokhala ndi mafunde ofanana, n'kuyeza chizindikiro chomwecho. Ku Algoa kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa sikupitirira mamita 2 kwenikweni, zomwe zimathandiza. Tiyerekeze kuti malire a mchenga aja mwawapeza pa mamita 6.0 m'khoma lakale, ndipo lero malire otero ali pakati pa mamita 0.3 ndi 1.3 pansi pa mlingo wapakati wa nyanja. Pakati pake ndi 0.8, choncho nyanja yakale inali pa 6.0 kuphatikiza 0.8, mamita 6.8, ndipo mutha kuphonya ndi theka la mita mbali iliyonse, osawerengera kuphonya kwa chida. Lembani nambala pamodzi ndi kuphonya kwake nthawi zonse. Mulu wa mphepo umangokuuzani kuti nyanja inali m'munsi mwake, ndipo matope a m'nyanja amangokuuzani kuti inali pamwamba pake. Zimenezi ndi malire chabe.

Zaka

Radiocarbon, njira yoyezera zaka pogwiritsa kaboni wa m'chigoba, imagwira ntchito mpaka zaka pafupifupi 50,000. Chigoba cha zaka 125,000 chikalowedwa ndi kaboni watsopano wochepa kwambiri, ngakhale 1 peresenti, labu idzakupatsani zaka za pakati pa 35,000 ndi 40,000, ndipo mudzalemba kuti nyanja inali pamwamba pa nthawi imene inali mamita makumi angapo m'munsi mwa ya lero. Zotsatira zilizonse za m'dera limenelo pa gombe lokwezeka muzizikayikira. Pa zigoba za Holocene, nyengo yathu ino yotsatira Pleistocene, njirayi ndi yabwino, bola mukonze zaka mazana angapo zimene madzi a m'nyanja amawonjezera.

Pa mchenga wa Pleistocene gwiritsani OSL, yomwe imayeza nthawi imene mchenga unaona dzuwa komaliza. Palani khoma masentimita 20 kapena 30, khomani paipi yosalowa kuwala ya masentimita 5 m'mimba mwake, tsekani mbali zonse ndi tepi yakuda, ndipo tengani thumba lina la mchenga wozungulira kuti ayezere chinyezi ndi mphamvu ya nyukiliya ya m'dothimo. Pewani malo a mauna ndi mizu, ndipo musatenge pafupi ndi malire a zigawo. Njira imeneyi ndi imene inasonyeza kuti mapazi a munthu amene anapezeka m'mwala wa Nahoon pafupi ndi East London mu 1964 ali ndi zaka pafupifupi 124,000. Pa zigoba za Alexandria pamagwiritsidwa ntchito njira yoyeza strontium wa m'chigoba, koma chigobacho chikhale chosasinthika. Oyster ndi yabwino chifukwa chigoba chake ndi cha calcite, chomwe sichisungunuka msanga. Pa Sundays River, zaka zimachokera ku ammonite ndi tizamoyo tating'ono ta foraminifera.

Kuchotsa kuyenda kwa nthaka

Tsopano yerekezani nambala yanu ndi zodziwika za dziko lonse. Zaka 125,000 zapitazo nyanja inali pafupifupi mamita 6 mpaka 9 pamwamba pa ya lero. Zaka 21,000 zapitazo, madzi oundana atachuluka, inali pafupifupi mamita 120 mpaka 130 m'munsi, ndipo kumwera kwa South Africa kunali chidikha chachikulu chimene lero chili pansi pa madzi. Choncho gombe la zaka 125,000 likapezeka pa mamita 6 kapena 8, nthaka ya pamenepo sinasunthe kwambiri kuchokera nthawiyo.

Alexandria ndi nkhani ina. Miyala yake ya m'nyanja imapezeka kumtunda mpaka pa mamita pafupifupi 300, pamene nyanja ya Pliocene inaposa ya lero ndi mamita makumi ochepa okha. Gawo lalikulu la mamita 300 amenewo ndi kutukuka ndi kupendekeka kwa nthaka. Samalani ndi masamu apa. Mukagawa mamita 300 ndi zaka 5 miliyoni mupeza mamilimita 0.06 pa chaka, ndipo mukachulukitsa ndi zaka 125,000 mupeza mamita 7.5. Mukachotsa nambala imeneyi pa gombe lanu la mamita 6.8, mudzafafaniza kukwera konse kwa nyanja ya nthawiyo, zomwe zikutsutsana ndi umboni wa m'madera ena onse. Chimene chalakwika ndi kuganiza kuti nthaka inkatukuka mofanana nthawi zonse. Liwiro la zaka mamiliyoni silingagwiritsidwe ntchito pa zaka zikwi popanda umboni wina.

Pa miyala ya Cretaceous vuto ndi lotembenuka, chifukwa beseni linkatitimira. Sundays River ndi yokhuthala mamita oposa 1,000 m'kati mwa beseni, koma mbali yaikulu inayalidwa m'madzi osaya kwambiri. Malo oikamo matope onsewo anapangidwa ndi kutitimira kwa nthaka m'mbali mwa ming'alu. Kuti muone gawo la nyanja, muyenera kubweza kaye kuphwatalala kwa matope. Ngati chigawo cha mamita 100 lero chili ndi mipata 15 peresenti, mwala weniweni ndi mamita 85. Pamene chinkayalidwa ndi mipata 60 peresenti, chinali 85 kugawa ndi 0.4, mamita 212.5. Mchenga suphwatalala chonchi, n'chifukwa chake khoma la matope ndi la mchenga a zaka zofanana amasiyana makulidwe. Kenako mumachotsa kutitimira kobwera ndi kulemera kwa matopewo, ndipo chotsala ndi cha ming'alu pamodzi ndi cha nyanja. Khoma limodzi silingalekanitse ziwirizi. Yezani makoma atatu kapena kuposa, ena pafupi ndi mng'alu ena kutali. Kusintha kumene kukukula polowera ku mng'alu ndi kwa nthaka. Kumene kukuoneka ponseponse pa zaka zofanana, komanso m'mabeseni oyandikana monga Gamtoos, ndiko kungakhale kwa nyanja.

Musathamangire kulumikiza mizere yanu ndi chithunzi cha kukwera ndi kutsika kwa nyanja chimene katswiri wa miyala Haq ndi anzake anafalitsa mu 1987. Chili ndi zokwera ndi zotsika zambiri zoyandikana, moti ngati zaka za mwala wanu zili ndi kuphonya kwa miliyoni imodzi, mzere uliwonse upeza mnzake wofanana nawo mwangozi.

Amene mukuphunzirira ku Malawi mutha kuzolowera kuyeza ndi kujambula pa miyala ya Chiwondo ku Karonga, momwe muli magombe akale ndi zigoba za nkhono za m'nyanja ya Malawi. Mizere ya mchenga wa pagombe ndi nsangalabwi za madzi osefukira zimawerengedwa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika potsatira mvula ndi ming'alu ya chigwa chake, ndipo alibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku, choncho manambala a kumeneko sangayikidwe pa chithunzi chimodzi ndi a ku Algoa.